Mthunzi wa Tizigamba pa Msika wa Thambani

"Mayi a Sarah, chinthu chanuchi chitsike lero lomwe."

Amene ankayankhula anali a Masauko, wapampando wa komiti ya msika wa Thambani. Anaima pakhomo pa kashopu kosokeramo ka Esime, chipewa chili m'manja, thukuta likuyenderera m'khosi. Linali Lachitatu m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linali litakwiya kale ngakhale naini koloko inali isanakwane.

Esime, mayi ake a Sarah, anasiya kuponda makina.

"Chitsike bwanji, a Tcheya? Si dzulo madzulo lomweli tachikweza? Mwambo wake ndi Loweruka."

"Mwambo kulibe. Ndikukupatsani mpaka thwelofu koloko. Mukapanda kuchitsitsa nokha, komiti ichigwetsa. Ngati simukumvetsa, tulukani mudzaone."

Chinthu chimene a Masauko ankanenacho chinali chinsalu chachikulu chimene Esime anasoka kwa milungu itatu osapuma. Anachiyala m'mwamba pa mitengo ya bulugama pakati pa msika, pamene amayi a tomato ndi masamba amakhala padzuwa chaka chonse. Nzeru yake inachokera kwa Thandie, mchemwali wa Laston, mwamuna wa Esime. Thandie amakhala ku Blantyre ndipo ndi katswiri wa luso lamakono. Amatola zinthu zimene ena ataya n'kupanga nazo chinthu choti munthu akachiona aime kaye.

"Alamu," anatero Thandie atabwera kudzacheza mwezi wathawo, "luso la masiku ano si chithunzi chopachika pakhoma chokha ayi. Pali lina loti munthu umalowamo, umayenda pansi pake, umalikhudza. Ndipo silipangidwa ndi munthu mmodzi. Anthu kuno amangodandaula kutentha, koma taonani: maukwati ambiri ndi a nyengo ino, mango akupsa, m'njira mulibe matope. Tiyeni tipange chinthu chosangalalira chilimwe, chikhalenso mthunzi wa amayi pamsika."

Anagwirizana tsiku. Anaitana kwaya, anaitana magule, ndipo Thandie anabwerera ku Blantyre atalonjeza kuti adzafika Lachisanu.

Tinene zoona, mawu aja akuti "silipangidwa ndi munthu mmodzi" analowera khutu ili la Esime n'kutulukira linali. Esime ndi telala weniweni, msoko wake sukhota, ndipo iye mwini amadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Mumtima mwake ankaona kale anthu akuloza m'mwamba n'kumati, "Manja a mayi a Sarah amenewo!" Tsidya la msewu kunali telala wina, a Haidar, amene ankalimbirana nawo makasitomala a mayunifomu, ndipo sanafune kuti dzina lawo limveke pa ntchito imeneyi. Za komiti ya msika, Laston ndiye anazithetsa ndi chiganizo chimodzi.

"Msika ndi wa tonse. Munthu azipempha chilolezo chochitira anthu zabwino?"

Laston ndi wa kabaza, choncho ntchito yotolera zitenje zakale inali yake. Koma ndani amapereka chitenje chabwino? Mayi aliyense ankapisa dzanja pansi penipeni pa sutikesi n'kutulutsa chimene savala. Ndipo chimene savala chinali chitenje cha kampeni ya chisankho chapita. Kuwonjezera apo, Laston anatolera kwambiri kwawo, kumidzi ya kwa Nthache, kumene bambo wina wofuna uphungu anagawa nsalu zake mosaumira. Esime nkhopezo anaziona. Anangoti nsalu ndi nsalu, n'kuzitembenuza kuti nkhope ziyang'ane kumwamba, pansi pazioneka kuseri kwake. Anadziyamikira yekha kuti wachenjera.

Tsopano atafika pakati pa msika n'kukweza maso, Esime anangoti kakasi. Dzuwa linkawomba pamwamba pa chinsalucho n'kuboola mpaka pansi, monga limachitira pa chovala choyanika. Zonse zimene anabisa zinali poyera. Bambo mmodzi yemweyo ankamwetulira kuchokera kumwamba, kuno ndi uko, malo oposa makumi atatu, mano onse ali panja.

Pansi pa mthunziwo panali amayi ochepa amene ankaimba nyimbo ya chipani chawo mwamatama. Ena ambiri anali atakokera madengu awo kunja, padzuwa lenileni. Mmodzi wa iwo, Dyna wogulitsa tomato, anayankhula mokweza kuti Esime amve.

"Ine ndipse ndi dzuwa, tomato wanga afote, koma pansi pa nkhope imeneyo sindikhala. Msika uno anaugula liti?"

"Mwamva?" anatero a Masauko. "Anthu akuti komiti yagulitsa msika ku chipani. Ndipo mtengo wanu uwo mwaukumbira panjira ya mapikapu. Mmawa uno atsitsira katundu kumsewu."

Esime anagwidwa ndi manyazi aakulu. Iye sanali wa chipani chilichonse, koma akanauza ndani, umboni uli pamwamba pa mitu ya anthu? Chimene chinamuwawa koposa chinali chakuti ntchito ya milungu itatu igwetsedwa ngati chisakasa chowola, ndipo Thandie adzapeza mitengo yokhayokha.

Laston anafika akupalasa mwaukali, atamva nkhaniyo kusiteji.

"Asachikhudze! Tavutika nacho ife, iwo ali khale. Ndi nsanje basi!"

Mwayi wake, Ashura anali pafupi. Ashura ali ndi golosale yoyandikana khoma ndi shopu ya Esime, ndipo ndi mlembi wa komiti ya msika. Anawakokera awiriwo pakhonde pake, n'kuwapatsa madzi a mumtsuko. Anadikira mpaka Laston atamwa n'kupumira m'mwamba.

"Bambo a Sarah, munthu atabwera kwanu n'kukumangirani khola labwino pakati pa bwalo osakuuzani, mungamuthokoze?"

Laston anakanda mutu. "Ndingamufunse kaye kuti wamutuma ndani."

"Ndiye ndi zomwezo. Mukunena zoona kuti msika ndi wa tonse. Koma chifukwa choti ndi wa tonse, tonse tiyenera kufunsidwa." Anatembenukira kwa Esime. "Achemwali, ine ndi inu tinangosiyana khoma. Milungu itatu makina akulira, simunandiuze n'kamodzi komwe. Ndikanakuuzani kuti malamulo a msika wathu amaletsa zizindikiro za chipani chilichonse. Tinawakhazikitsa tokha, anthu atakokana malaya pa mabenchi a nsomba nthawi ya kampeni. Safunsa anadya phula."

"Ndalakwa, achemwali," anatero Esime, misozi ili pafupi. "Koma nanga nditani? Kwaya taitana, alamu akubwera mkucha. Ndiwauza chiyani?"

"Choyamba, chitsitseni nokha nthawi isanakwane, kuti pasapezeke wochikoka mwaukali n'kuching'amba. Kenako mupite kwa a Tcheya mukapemphe msonkhano wa magulu onse lero lomwe: amayi a masamba, a nsomba, a kabaza, a mapikapu, eni mashopu. Musapite ndi zimene mwaganiza kale. Mupite ndi funso."

"Ngakhale avomere, masiku awiri ndisoka bwanji ndekha?"

"Ndani wanena kuti nokha? Tsidya apo pali makina."

Esime anayang'ana ku shopu ya a Haidar. Mankhwala ena amawawa asanafike n'komwe pakamwa.

Thwelofu koloko isanakwane chinsalu chinali pansi, chopindidwa bwino. A Masauko ataona zimenezo mtima wawo unatsika, ndipo anavomera kuitana msonkhano. Fili koloko anthu anadzaza pakati pa msika, ena atakhala pa mabenchi, ena atatsamira njinga.

Esime anaimirira. Sanazungulire.

"Abale anga, ndakulakwirani. Ndinaika chinthu pamalo anu osakufunsani. Sindinatumidwe ndi chipani chilichonse, ndinatumidwa ndi mtima wanga wofuna kutchuka. Cholinga chinali chakuti tikhale ndi chinthu chokongola chosangalalira chilimwe, chotipatsanso mthunzi. Ngati simukuchifuna, nkhani ithere pompano. Ngati mukuchifuna, ndiuzeni kuti tichipange bwanji."

Kenako wina kumbuyo anakuwa kuti nsalu za kampenizo azitenthe. Amayi amene ankaimba m'mawa aja anadzambatuka, ndipo phokoso linayamba kukula. A Masauko anamenya benchi ndi chikhatho.

"Palibe chotentha pano! Nkhope imeneyo ena saikonda, ena amaikonda, ndipo onsewo ndi anthu a msika uno. Zitenje zibwerere kwa eni ake zathunthu. Amene anakazitenga akazibweze."

Anthu onse anacheukira kwa Laston n'kuphulika nako kuseka. Iye anangovula chipewa n'kuvomera.

Dyna ndiye anabweretsa nzeru imene inatsegula njira.

"Inu mayi a Sarah, munalakwitsa popempha chitenje chathunthu. Ine ndili nazo zitatu, ndikupatseni chimodzi ndizivala chiyani? N'chifukwa chake anthu anakupatsani za kampeni. Pemphani kachigamba kongokwana pachikhatho. Palibe munthu wosauka kachigamba."

"Ndipo kasakhale kachigamba wamba," anawonjezera Ashura. "Mwati tikusangalalira chilimwe eti? Aliyense abweretse kansalu komukumbutsa tsiku limene anasangalala."

Pamenepo a Haidar anakhosomola n'kuimirira. Esime anayang'ana pansi.

"Ine ndili ndi matumba atatu a zidutswa zotsala posoka," anatero, "ndipo makina anga ndibwera nawo. Koma ndipemphe chinthu chimodzi. Nsalu zolembedwa mawu a Mulungu, kaya za kutchalitchi kaya za kumzikiti, tisazidule ndipo tisazipachike pamwamba pa nsomba. Aliyense asunge zake mwaulemu."

Onse anavomera. Sungani, dalaivala wa pikapu, analoza pamene mtengo uyenera kusunthira, n'kulonjeza zingwe zakale zomangira katundu. Anachenjezanso kuti chinsalu chopanda mipata kamvuluvulu wa Okutobala adzachinyamula mpaka ku Zobue, kutsidya kwa malire. Esime anali asanaganizepo za mphepo n'pang'ono pomwe. A kabaza anati abweretsa mabelu akutha ndi zitsekerero za mabotolo. Ashura analemba zonse m'buku la komiti n'kuziwerenga mokweza, kuti mawa wina asadzati sanamve.

Lachinayi m'mawa khonde la Ashura linasanduka fakitale. Amayi asanu anakhala pamphasa ndi malezala, akusomola misoko ya chinsalu chakale mosamala. Chitenje chilichonse chikamasuka ankachipinda n'kuchiika pa kaliyala ya Laston. Munthuyo anapalasa tsiku limenelo mpaka miyendo kuchita dzanzi, khomo ndi khomo, akubweza chitenje n'kupempha kachigamba.

Ndipo tizigamba tinabwera. Dyna anabweretsa kansalu ka yunifomu imene mwana wake anavala tsiku limene anasankhidwa kupita ku sekondale. Mayi wina anadula kumapeto kwa mbereko ya mwana wake woyamba, amene anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri. Wogulitsa nyama anabweretsa mkono wa jezi ya timu yawo ya mpira. Ashura anabweretsa kachidutswa ka diresi la pa Idi. A Masauko anabwera mozemba, n'kutulutsa m'thumba kansalu koyera ka malaya a pa ukwati wawo, n'kunena kuti asauze mayi a kunyumba. Pasanathe ola msika wonse unali utadziwa.

Aliyense akamapereka ankafotokoza nkhani yake, ndipo ntchito inkachedwa chifukwa cha kuseka. Esime poyamba ankaona ngati nthawi ikutayika. Kenako anazindikira kuti wakhala pamsika umenewu zaka khumi ndi ziwiri, akuyeza anthu amenewa m'chiuno ndi m'mapewa, koma sankadziwa chimene chinawasangalatsapo pa moyo wawo.

Makina ake ndi a a Haidar anaima moyandikana. Kwa ola lathunthu awiriwo ankangoponda ngati ali pa mpikisano. Kenako a Haidar anasuzumira msoko wa Esime.

"Mayi, msoko wanu ndi wowongoka, ndivomere. Koma m'mphepetemu pindani kawiri, mudutse chingwe. Ndinasokapo matenti a magalimoto kumalire."

Esime anafuna kuyankha kuti sanabwere kudzaphunzira. Koma anayesa, n'kuona kuti n'zoona.

"Zikomo, bambo," anatero. "Inunso ulusi wanuwo wakoka kwambiri, nsalu ikukwinyika."

A Haidar anaseka mpaka kupukuta m'maso, n'kumasula ulusiwo.

Lachisanu masana anayamba kukweza. Nthawi ino panalibe chobisa. Sungani ndi anzake anakumbira mitengo pamalo amene anagwirizana. Anayala mizere ya tizigamba, mzere uliwonse wotalikirana pang'ono ndi unzake kuti mphepo izidutsa. M'mphepete anapachika zingwe za zitsekerero za mabotolo, mabelu a njinga, ndi nthangala za mango zouma zimene amayi anazipaka utoto.

Thandie anatsika pikapu cha m'ma folo koloko, chikwama chili paphewa. Esime anathamanga kukamuchingamira.

"Alamu, musakhumudwe. Si chimene tinapangana chija. Zinasokonekera, ndiye anthu..."

Thandie sanamve. Anali atalowa kale pansi pake, mutu uli chagada. Dzuwa linkaboola tizigambato n'kugwetsa mitundu pansi: yofiira pa madengu, yachikasu pa nkhope za amayi, yobiriwira pa fumbi. Kamphepo kakadutsa, mabelu ndi zitsekerero zinkalira ngwerengwere, ndipo mitundu yonseyo inkavina pathupi pa munthu. Thandie anayenda kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Atabwerera, maso ake anali atanyowa.

"Alamu, ine ndaonetsapo ntchito zanga m'nyumba zikuluzikulu ku Blantyre. Chonga ichi sindinapangepo, ndipo ndekha sindikanachitha."

Loweruka msika unadzaza kuposa masiku onse. Anthu anachokera kwa Nthache, ena kuboma, ena kumalire. Kwaya inaimba, ng'oma zinalira, mango anadyedwa mpaka ana kuchita chikasu m'masaya. Koma chimene chinakoka anthu kwambiri chinali kufunafuna kachigamba kawo. Paliponse panali zala zoloza m'mwamba. "Kanga ndi ako! Pafupi ndi kofiirako!" Anthu amene pa chisankho sankapatsana moni anapezeka akufotokozerana za maukwati ndi za ana awo, chifukwa tinsalu tawo tinasokedwa pamodzi.

A Masauko anakwera pa benchi n'kulengeza chigamulo cha komiti. Mthunziwo ukhalapo mpaka mvula yoyamba. Ikadzagwa adzaupinda n'kuusunga, ndipo chilimwe chilichonse azidzaukwezanso, atawonjezera mzere watsopano wa zisangalalo za chaka chimenecho. Nthungululu zinamveka mpaka kuchipatala. Esime anaima pambali, manja ali m'chiuno, ndipo ananyada kuposa tsiku lina lililonse pa ntchito yake ya utelala. Ananyadira msika wake.

Madzulo ake mayi wina wovala bwino anamupeza. Anati ndi Jane, wa komiti ya msika wa kumalire.

"Andiuza kuti eni ake ndinu. Mungatibwereke mwezi wamawa? Kwathu kukubwera alendo."

Esime anapukusa mutu.

"Pepani mayi, sindingathe. Si changa. Eni ake ndi awa mukuwaonawa, ndipo muli anthu oposa mazana awiri m'mwambamu. Ngakhale atavomera, kwanu chikangokhala nsalu. Anthu anu sakapezamo kachigamba kawo."

"Nanga tipange bwanji chathu?"

"Musayambe ndi singano. Yambani ndi msonkhano. Pitani ku komiti mukamve malamulo a malowo. Itanani onse amene amagwiritsa ntchito msikawo, ngakhale amene simugwirizana nawo, muwafunse chimene akufuna ndi chimene sakufuna. Zizindikiro za zipani zikhale kunyumba. Ndipo pemphani chinthu chochepa choti aliyense angathe kupereka. Ine ndinadumpha zonsezi, ndipo ntchito ya milungu itatu inakhala m'mwamba usiku umodzi wokha."

Jane analemba mawuwo m'foni mwake n'kuthokoza.

Phunziro la ku Thambani ndi lomveka. Malo a tonse, kaya ndi msika, mjigo, bwalo la mpira kapena sukulu, si a munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale ndi cholinga chabwino chotani. Musanaikepo chinthu, funsani komiti yoyang'anira, mverani anthu onse, ndipo pewani chilichonse chimene chingapatule ena. Chimene munthu wapangira anthu osawafunsa, anthu amachigwetsa. Chimene anthu apanga ndi manja awo, amachilondera okha.

Mvula yoyamba chaka chimenecho inagwa mwadzidzidzi Lolemba masana, Esime ali kuboma kokagula ulusi. Anabwerera mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti akapeza zonse zitanyowa ndi kung'ambika. Anapeza mitengo yokha. Amayi a masamba anali atasiya tomato wawo pamvula n'kuyamba apulumutsa mthunzi, ndipo unali mu golosale ya Ashura, wopindidwa, wouma.